Zitsulo zosintha kulemera: musaziyamikire mwezi woyamba

Zitsulo za dumbbell, zija zonyamula ndi dzanja limodzi, zosintha kulemerazi n'zabwino kwa munthu wolimbitsa thupi kunyumba, ndipo nditati ndigulenso lero ndingagule zamtundu womwewu. Koma ndemanga zambiri zimene ndinawerenga ndisanagule zinalembedwa ndi anthu amene anali atangozitulutsa m'katoni. Aliyense ankasimba kuti pa milungu yochepa wayamba kunyamula zolemera kuposa poyamba, ndiye kuti zitsulozo n'zodabwitsa. Ayi ndithu. Munthu amene sanazolowere kunyamula, mukamupatsa chilichonse cholemera, ngakhale mwala, mphamvu zake zimakwera mwezi woyamba. Ulemu umenewo ndi wa ubongo wake ndi mitsempha yake yotumiza uthenga ku minofu, kampani isadye nawo. Chitsulo chimaonetsa khalidwe lake kukwera kwaulere kuja kukatha, ndipo ine ndadikira mpaka nditadutsa pamenepo kuti ndilembe.

Dzina la kampani sinditchula, popeza opanga zamtunduwu ndi ambiri ndipo kapangidwe kake n'kofanana. Zimabwera ziwiri, chilichonse ndi thireyi yake yapulasitiki. Mapuleti achitsulo amaima m'mipata ya thireyiyo, chogwirira chili pakati, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli kachiwilo kolembedwa manambala. Mukatembenuza kachiwilo n'kufika pa nambala imene mukufuna, timano tamkati timakola mapuleti okwana kulemera kumeneko. Mukanyamula, otsalawo amakhala m'thireyi. Zanga zimayambira pa makilogalamu 2 n'kulekezera pa 24 dzanja lililonse. Kuchoka pa 2 kufika pa 12 zimakwera kilogalamu imodzi imodzi, kupitirira pamenepo zimadumpha awiriawiri. Manambala amenewa muwasunge, mlandu wonse wa zitsulozi wagona pamenepo.

Kachiwilo kakakola bwino kamalira kuti kwaka, ndipo phokosolo muzilimvetsera nthawi zonse. Thireyi ikakhala pamalo opendekeka kapena pakapeti wofewa, mapuleti amayedzamira mbali imodzi, kachiwilo n'kukakamira pakati pa manambala awiri. Mukakakamiza mumamva pulasitiki ikudandaula mkatimo. Pansi polimba ndi posalala zimenezi sizichitika.

Ine ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse, ndipo zitsulo ndinayamba kunyamula nditapitirira kale zaka 40. Masiku oyamba, pokankhira zitsulo m'mwamba kuchokera pamapewa, dzanja lamanzere linkanjenjemera, chitsulo chikupita uku ndi uku. Lamanja linkafika pamwamba lamanzere likadali panjira. Mwezi usanathe kunjenjemera kunatha, ndipo kachiwilo kanali katasuntha manambala angapo. Tepi yoyezera mkono yokha ndiyo sinasunthe. Mkono womwewo, kukula komweko, koma ukunyamula zimene unkakana dzana.

Akatswiri anaziyeza kalekale zimenezi. Mu 1979, Toshio Moritani ndi Herbert deVries anachititsa anthu masewera opinda mkono ndi zolemera kwa milungu 8, uku akuyeza mphamvu, kukula kwa mkono, ndi magetsi amene minofu imatulutsa ikamagwira ntchito. Anapeza kuti kumayambiriro gawo lalikulu la mphamvu zatsopano limachokera ku mitsempha, ndipo kukula kwa minofu kumayamba kutsogolera pakapita milungu 3 mpaka 5. Patatha zaka 10, Marco Narici ndi anzake anayeza minofu yakutsogolo kwa ntchafu pambuyo pa masiku 60 a masewera. Minofu inali itakula ndi 8.5 peresenti, mphamvu zitakwera pafupifupi 21 peresenti, pomwe magetsi a m'minofu anakwera ndi 42 peresenti. Anthu amene anayezedwa anali anayi okha, koma chimodzimodzi chakhala chikupezeka m'kafukufuku wambiri kuchokera nthawi imeneyo: mphamvu zimathamanga kutsogolo, nyama imabwera m'mbuyo mwake.

Nanga mitsemphayo imasintha chiyani? Mnofu sugwira ntchito wonse nthawi imodzi. Mkati mwake muli timaulusi zikwizikwi, ndipo tinagawidwa m'magulu. Gulu lililonse lili ndi mtsempha umodzi wochokera kumsana umene umalilamula. Mtsemphawo ukatumiza uthenga timaulusi tonse ta gululo timakoka, ukapanda kutumiza tili phee. M'minofu yoyendetsa diso gulu limodzi limakhala ndi timaulusi towerengeka, pomwe m'katumba wa mwendo limatha kukhala ndi toposa 1,000. Elwood Henneman wa ku yunivesite ya Harvard anaonetsa, kuyambira mu 1957, kuti magulu amenewa amadzutsidwa motsatira ukulu wawo. Ang'onoang'ono, osatopa msanga, ndiwo amayamba. Akuluakulu, amphamvu koma otopa msanga, amaitanidwa pokhapokha ntchito ikakula. Kuwonjezera apo, mtsempha ukhoza kutumiza uthenga motalikirana kapena pafupipafupi, ndipo ukafupikitsa, gulu lomwelo limakoka mwamphamvu kuposa poyamba.

Thupi la munthu woyamba kumene lili ngati anthu okankha galimoto yotitimira m'matope popanda wowerengera. Ena akukankha, ena akadapinda malaya, wina akukankhira kumbali, ndipo wina kutsogolo akuibweza osadziwa. Anthu alipo okwanira, chosowa ndi mgwirizano. Wobweza ujatu m'thupi alimodi. Mukamapinda mkono, mnofu wakumbuyo umene ntchito yake ndi kuwongola umalimbanso pang'ono poteteza chigongono, ndipo mwa munthu wosazolowera umalimba mopitirira. Ndi kuzolowera umaphunzira kumasuka. Magulu aakulu amayamba kudzuka msanga, uthenga umabwera pafupipafupi, ndipo minofu ya m'mimba ndi ya kumsana imaphunzira kugwira thupi kuti mkono upeze pokankhira. Mu 2019 Alessandro Del Vecchio ndi anzake anatsatira magulu omwewo m'mnofu wa pamsongolo, asanayambe masewera ndi atachita kwa milungu 4, ndipo anawaona akudzuka msanga ndi kulandira uthenga pafupipafupi.

Kafukufuku amene amandisangalatsa kuposa onse ndi wa Guang Yue ndi Kelly Cole wa mu 1992. Anthu ena anauzidwa kuti azingoganizira kuti akukankha mwamphamvu ndi chala chaching'ono, chalacho osachisuntha n'komwe, kwa milungu 4. Mphamvu za chalacho zinakwera ndi 22 peresenti. Amene ankakankhadi zawo zinakwera ndi 30 peresenti. Oganizira okhawo sanagule chitsulo cha kampani iliyonse. Ndiye wina akandiuza kuti zitsulo zakutizakuti zamupatsa mphamvu pa milungu itatu, ine ndimangomwetulira.

Komabe pa nthawi yophunzirayi pali chimene zitsulo za dzanja limodzi limodzi zimachita chimene makina a ku jimu sachita. Makina ali ndi njira yake yoikika, inu kwanu n'kukankha basi. Apa njira mumailambula nokha, dzanja lililonse palokha, ndipo lofooka lilibe pobisala. Pa chitsulo chachitali chogwira ndi manja awiri, dzanja lamphamvu limalanda ntchito ya linzake osakuuzani, mpaka zaka kutha. Ine ndinadziikira lamulo loti pa masewera a dzanja limodzi lamanzere ndilo liziyamba, ndipo pamene lalekezera lamanja lilekezerenso pomwepo, ngakhale likufunabe. Pang'onopang'ono awiriwa anayamba kufika pamwamba limodzi. Palinso chodabwitsa china chimene chinalembedwa koyamba ku yunivesite ya Yale mu 1894: mukalimbitsa mkono umodzi wokha, winawo umapezako mphamvu usanagwire ntchito. Kafukufuku wa mu 2004 wophatikiza zofufuza zambiri anapeza kuti chiwalo chosaphunzitsidwacho chimawonjezera pafupifupi 8 peresenti. Mnofu wake sunakule, waphunzira ndi ubongo. Munthu amene wavulala dzanja limodzi, adokotala akalola, akhoza kupitiriza ndi linalo, ndipo zitsulo zapazokhazi zimamupatsa mwayi umenewo.

Tsopano kukula kwa minofu. Apa ndi pamene kalilole amanamiza anthu. Mukangomaliza seti, ndiko kuti maulendo angapo onyamula motsatizana osapumira, mkono umafufuma, khungu kuthina, mitsempha yamagazi kuonekera. Amenewo ndi magazi ndi madzi, ndipo pakapita maola ochepa zaphwa. Milungu yoyambirira palinso kutupa kobwera chifukwa cha timabala ta mkati mwa timaulusi, kumene kumayendera limodzi ndi ululu uja umafika pachimake tsiku lachiwiri, munthu n'kumatsika masitepe chammbali atagwira khoma. Felipe Damas ndi anzake ku São Paulo anaonetsa mu 2016 kuti kukula kumene kumaoneka pa sabata yachitatu mbali yaikulu ndi kutupa, ndipo kukula kwenikweni anakuona bwino pa sabata ya 10.

Kukula kwenikweniko ndi ntchito yomanga. Kaulusi kakakokedwa mwamphamvu mobwerezabwereza kamawonjezera mapuloteni ake okokana, otchedwa actin ndi myosin, n'kunenepa. Kwakukulu timaulusi sitichuluka, timangonenepa tomwe tilipo. Kumangako kumapitirira kwa tsiku limodzi kapena awiri masewera atatha, n'chifukwa chake tulo ndi chakudya cha mapuloteni okwanira zili mbali ya ntchito yomweyo. Kwa ine panapita miyezi tepi isanavomere, ndipo woyamba kuzindikira anali malaya, amene anayamba kuthina m'mapewa. Apa musadziyeze ndi mnzanu. Monica Hubal ndi gulu lake mu 2005 anachititsa anthu 585 masewera ofanana kwa milungu 12. Mnofu wakutsogolo kwa mkono mwa ena unachepa ndi 2 peresenti, mwa ena unakula mpaka ndi 59 peresenti. Mphamvu zonyamulira kamodzi ena sanawonjezere chilichonse, ena anawonjezera mpaka 250 peresenti. Masewera amodzi, matupi osiyana.

Ndiye apa m'pamene zitsulo zimayamba kuyankha mlandu wake. Mitsempha ikamaliza kuphunzira zophweka, kupita patsogolo kumakhala kochedwa, ndipo njira yake ndi imene dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, analemba mu 1945 pothandiza asilikali ovulala: kuwonjezera kulemera pang'onopang'ono mnofu ukamazolowera. Funso n'lakuti pang'ono pake ndi potani. Bungwe la American College of Sports Medicine linalangiza mu 2009 kuwonjezera pakati pa 2 ndi 10 peresenti, munthu akayamba kupitirira maulendo amene anadziikira ndi kamodzi kapena kawiri.

Tiyeni tiwerengetse. Zitsulo wamba zosasintha zimakonda kudumpha makilogalamu 2 kapena 2.5. Kuchoka pa 6 kupita pa 8 ndi kuwonjezera 33 peresenti nthawi imodzi. Pokweza manja m'mbali, pamene kamnofu ka paphewa kakulimbana ndi chitsulo chili kutali ndi thupi, kudumpha kotero palibe amakukwanitsa mwachilungamo. Munthu amayamba kugwedeza chiuno, kukweza mapewa mpaka m'makutu, kuponya chitsulo m'malo mochinyamula. M'kabuku amalemba kuti wakwera, pomwe kamnofu kamene amafuna kukulitsa kapumula. Ndi zangazi ndimachoka pa 6 kupita pa 7, pafupifupi 17 peresenti. N'zambiribe poyerekeza ndi malangizo aja, koma ndi theka la vuto, ndipo thupi limamva kusiyana kwake. Kuchoka pa 10 kupita pa 11 ndi 10 peresenti ndendende. M'chigawo chapansichi zitsulozi zimachita zimene shelefu ya zitsulo wamba singachite pokhapokha itadzaza chipinda, ndipo chimenechi ndicho chifukwa chenicheni chozigulira. Anthu ambiri pogula amayang'ana nambala yapamwamba. Ine ndikuti yang'anani kakulidwe ka sitepe.

Pa 12 ndi pamene opanga anagona. Kuchoka pa 12 kupita pa 14 ndi 17 peresenti kachiwiri, ndipo kumabwera pa nthawi yoipa, kukwera kwaulere kutatha, pamene kilogalamu iliyonse ikugulidwa ndi thukuta la milungu. Pokankhira m'mwamba ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Pa 12 zinkatheka bwinobwino, pa 14 msana unkayamba kupindikira kumbuyo seti isanafike pakati. Kumtunda, pa 20 kupita pa 22, kudumpha awiri si vuto chifukwa ndi 10 peresenti, ndipo amene amagwira kumeneko ndi minofu ikuluikulu. Akanapitiriza kilogalamu imodzi imodzi mpaka pa 16, ndikanangowaombera m'manja n'kulekera pomwepo.

Njira zozembera mpata umenewu zilipo. Yoyamba ndi kukwera ndi maulendo m'malo mwa kulemera: khalani pa 12, muyambire pa maulendo 8 pa seti, muziwonjezera mpaka 15, kenako mukwere pa 14 n'kubwereranso pa 8. Yachiwiri ndinaipeza posewera ndi kachiwilo. Popeza mapeto awiriwa amatembenuzidwa paokha, mukhoza kuika kuno pa 12 uko pa 14, chitsulo n'kulemera 13. Koma chimapendekera mbali yolemera, ndipo dzanja limakhala likulimbana nacho kuti chiwongoke. Pokoka chitsulo kuchokera pansi mutawerama, zimatheka. Pamwamba pa mutu sindichita, ndipo sindingalangize wina. Timaginito ta theka la kilogalamu timene ena amamata pa zitsulo wamba apa sitigwira bwino, chifukwa mapuleti anawakuta ndi pulasitiki.

Nkhani ina ndi ya polekezera. Makilogalamu 24 ndi ambiri pamapewa, koma miyendo ndi msana zimawafika msanga. Kodi mukafika pamenepo ndiye kuti zitsulo zatha ntchito? Yankho likudalira chimene mukufuna. Mu 2012, Cameron Mitchell, Stuart Phillips ndi anzawo ku McMaster University ku Canada anayerekeza masewera owongola bondo kwa milungu 10: maseti atatu pa 30 peresenti ya zimene munthu angathe kunyamula kamodzi, ndi maseti atatu pa 80 peresenti, onse mpaka mwendo utakana. Minofu inakula mofanana. Koma pa kunyamula cholemera kwambiri kamodzi, onyamula zolemera aja anapambana. Lamulo la Henneman lija likufotokoza mbali yoyamba. Chitsulo chikakhala chopepuka magulu ang'onoang'ono ndiwo amayamba, koma akamatopa thupi limaitana okulirapo, mpaka kumapeto kwa seti nawonso aakulu alowa ntchito. Mbali yachiwiri ndi ya luso. Kudzutsa magulu onse nthawi imodzi kuchokera pachiyambi, thupi lonse litalimba, kumaphunziridwa ponyamula zolemera, ndipo chopepuka sichingakuphunzitseni zimenezo.

Tanthauzo lake kwa wogula n'lakuti ngati mukufuna minofu yooneka ndi thupi lolimba, 24 ikusungani nthawi yaitali. Ngati mukufuna mphamvu za mpikisano, zodzanyamula chitsulo cholemera kawiri kuposa thupi lanu, izi ndi zoyambira chabe, ndipo chitsulo chachitali ndi mapuleti ake simudzachithawa. Ndinenenso kuti chopepukacho chimagwira ntchito pokhapokha mutafika pafupi ndi pokanika, ndipo pamiyendo zimenezi n'zowawa. Seti ya maulendo 25 kapena 30 imatha mpweya ntchafu zisanathe, ndipo nthawi zambiri zala ndizo zimayamba kumasuka. Chimene chinandithandiza ndi kupatsa mwendo umodzi ntchito yonse: phazi limodzi kutsogolo, linalo litatsamira pampando kumbuyo, chitsulo dzanja lililonse, n'kumatsika mosathamanga. Pamenepo 24 sindinaifikebe, ndipo sindikuona kuti ndiifika posachedwa.

Zina zodandaulitsa ndi za kapangidwe. Chitsulocho chimakhala chachitali chimodzimodzi kaya mwaika pa 2 kaya pa 24, chifukwa ndodo yapakati siifupika. Popinda mikono chimakhula pantchafu, ndipo mumayamba kutsegula manja pang'ono kuti chidutse. Pokankhira m'mwamba mutagona chagada, ziwirizi zimagundana mikono isanawongoke. Mapuleti amagwedera pang'ono n'kumalira tsekeretsekere, zomwe poyamba zimachititsa mantha zikakhala pamwamba pa nkhope, ngakhale palibe imene inagwapo. Kusintha kulemera n'kwachangu, koma chitsulo chiyenera kubwerera m'thireyi molunjika bwino, ndipo manja akatopa kulowetsa mapuleti m'mipata yake kumafuna mtima. Choopsa kwambiri n'chakuti sizigwetsedwa. Timano tamkati ndi tapulasitiki. Ku jimu munthu akakanika amaponya chitsulo pansi n'kupuma, apa ayi. Ndiye taonani: kuti chopepuka chikulitse minofu muyenera kufika pafupi ndi pokanika, koma chitsulo chikufuna kuti mukhale ndi mphamvu zochitsitsira mwaulemu. Ine ndimasiya ulendo umodzi kapena awiri m'thumba pa masewera onse amene chitsulo chili pamwamba panga. Zimenezo sizinandilepheretse kupita patsogolo, ndipo mwina n'zabwino kwa mapewa a munthu wa zaka zanga.

Chogwirira n'chabwino, cha mphira wokhakhala pang'ono, sichiterera ndi thukuta. Ndodo yamkati yokha inayamba kuonetsa timadontho ta dzimbiri pamene thukuta limatsikira. Kansalu kouma mukamaliza, nkhani yatha.

Kabuku kamene kamabwera m'katoni ndiko kanandikwiyitsa. Zithunzi zake za masewera n'zabwino, koma malangizo ake ndi akale. Amuna kamawauza kunyamula zolemera, akazi kamawauza kugwira zopepuka maulendo ambiri kuti minofu isakule mopitirira. Minofu ya mkazi imamvera malamulo omwewa. M'kafukufuku wa Hubal uja amuna anakula minofu kuposa akazi ndi pang'ono chabe, ndipo poyerekeza ndi pamene aliyense anayambira, akazi anawonjezera mphamvu kuposa amuna. Kunyamula makilogalamu 2 uku mukucheza, seti n'kutha musanatope, sikudzutsa magulu aakulu aja mwa mkazi kapena mwamuna. Kabukuko sikanena chilichonse za kuchuluka kwa maseti pa sabata, pomwe Brad Schoenfeld ndi anzake mu 2017, ataphatikiza zofufuza zambiri, anapeza kuti kukula kumawonjezeka maseti akamachuluka, ndipo kwakukulu kunaoneka pa maseti 10 kapena kuposa pa mnofu uliwonse pa sabata. Sikanenanso kuti muzilemba zimene mwanyamula. Popanda kulemba, miyezi imene kupita patsogolo kukuchedwa mumangoona ngati mwaima, pomwe pepala likanakuonetsani kuti mwezi watha munachita maulendo 9 ndipo lero mwachita 11.

Amayi anga, amene ndi achikulire ndithu, anayesako zitsulozi atabwera kudzacheza. Ndinafuna kuti ayese chifukwa ukalamba suletsa minofu kumva masewera. Mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake anachititsa masewera olimbitsa miyendo anthu 10 ofooka a zaka pafupifupi 90 kwa milungu 8. Mphamvu za amene anamaliza zinakwera ndi 174 peresenti, pomwe minofu ya pakati pa ntchafu inakula ndi 9 peresenti. Kusiyana kwa manambala awiriwa kukunena nkhani yomwe ija ya mitsempha, ndipo kwa munthu wachikulire mphamvu zimenezo ndizo zimamudzutsa pampando popanda wogwira dzanja. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu onse kuchita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa pa sabata, okalamba ali momwemo. Koma zitsulo zenizenizi sizinawayenere amayi. Kachiwilo n'kolimba kwa zala zopweteka m'mfundo, chogwirira n'chachikulu m'dzanja mwawo, ndipo kutalika kuja kunkawasokoneza ngakhale pa makilogalamu 2. Anazikweza kangapo, n'kundifunsa kuti, "Kodi mwanawe, tating'ono tosavuta kulibe?" Tilipo, ndipo munthu wotere mugulireni timeneto.

Wokhala m'chipinda chaching'ono, amene ali ndi pansi polimba ndipo sagwetsa zinthu, izi zimuyenera. Okhala awiri m'nyumba amene akufuna kuchitira masewera limodzi adzatopa ndi kutembenuzirana kachiwilo seti iliyonse. Wokhala ndi ana aang'ono aziika pobisika, chifukwa kachiwilo ka manambala kamaitana tizala.

Musanalipire, funsani ngati timano tamkati ndi thireyi zimagulitsidwa pazokha, popeza kachidutswa kamodzi kapulasitiki kakathyoka chitsulo chonse chimakhala pansi. Funsaninso kuti chitsimikizo cha kampani chikuphimba timanoto kapena mapuleti okha, chifukwa mapuleti sathyoka. Ndipo katoni ikafika, musanayambe masewera alionse, dutsani manambala onse limodzi limodzi. Pa nambala iliyonse nyamulani chitsulo pang'ono pamwamba pa thireyi, chipendeketseni uku ndi uku, chigwedezeni kutali ndi mapazi anu. Puleti ikasuntha kuposa zinzake kapena kachiwilo kakapanda kulira pa nambala ina, bwezani tsiku lomwelo.